Damu la bambo athu ndi anthu akumunsi

Malemu bambo athu anatisiyira zinthu zitatu zimene sizinavute kugawana, ndi chimodzi chimene chinakanika. Ng'ombe tinagawana, munda tinaudula malire, nyumba ya kuboma tinaigulitsa aliyense n'kulandira gawo lake. Koma damu silidulika pakati. Linatsala la tonse, ana asanu, ndipo mukudziwa mmene chimakhalira chinthu cha anthu asanu: pa tsiku la ntchito chimasowa mwini, pa tsiku la phindu eni ake amachuluka.

Inu a m'mbali mwa nyanja mwina museka kumva kuti pali anthu amene amanyadira thamanda la mahekitala 2. Ife kwathu ndi kumtunda, mukakwera mapiri a njira ya ku Namwera, kumene nyanja timangoiona ngati chinsalu chotuwa tsiku limene kunja kwayera. Chilala cha 1992 chitapha ng'ombe zawo zingapo, bambo anabwereka katapila ku esiteti ina yoyandikana nafe natseka kamtsinje kamene kamadutsa m'malo mwathu. Panalibe injiniya. Panali dalaivala wa katapila amene anali atamangapo madamu a m'maesiteti, ndipo tiyenera kunena kuti ntchito yake anaidziwa: anasankha dothi la makande, ankalithira pang'onopang'ono n'kumalitsendera, ndipo kumbali imodzi, pa nthaka yolimba, anakumba ngalande yotakata yotayira madzi akadzaza. Khoma linatalika mamita 6 pakati pake. Kwa zaka zambiri damulo linkamwetsa ng'ombe ndi kuthirira dimba, osavutitsa munthu.

Bambo atamwalira tinabalalika, wina ku Joni, wina ku Lilongwe, ndipo dimba linamera tchire. Mlongo wathu ndiye anabwera ndi nzeru yoti malowo tiwasandutse opumulirako anthu. Tinakhoma mabenchi, tinagula mabwato awiri kwa mmisiri wa kunyanja, tinathira mbewu ya chambo ndi makumba. Anthu anabweradi. Masiku a Idi mabanja ankayala mikeka mpaka kusowa popondera, akwati ankabwera kudzajambulitsa, ana a sukulu ankabwera ndi aphunzitsi awo. Kandalama ka pachipata kanali kochepa, koma ndi kamene kankagula mankhwala a mayi athu ndi kulipira fizi ya ana awiri amasiye a m'banja mwathu. Tikunena zimenezi kuti musatione ngati anthu amene tinkasewera ndi madzi chifukwa cha kukhuta.

Pofuna kukongoletsa malowo tinachita zinthu zitatu, ndipo chilichonse chinali ndi chifukwa chomveka. Alendo ankadandaula dzuwa, choncho tinabzala mango ndi bulugama pakhoma penipeni, poti ndi pamene anthu ankakonda kukhala. Mvula yoyamba titathira nsomba, madzi atasefukira m'ngalande, tinamva kuti ana akumunsi akutola chambo m'madengu. Tinazika mitengo kukamwa kwa ngalandeyo n'kumangapo waya wa nkhuku kuti nsomba zisamathawe. Kenaka tinaona kuti ikafika Okutobala mabwato amatitimira m'matope, ndiye tinasanja matumba a mchenga patsinde pa waya uja, kutalika kofika m'bondo, kuti damu lizisunga madzi ochulukirapo. Tsiku limene tinamaliza tinaima pakhoma n'kumayamikirana nzeru.

Sitinayang'ane kumbuyo kwathu. Pamene bambo ankamanga, kumunsi kwa damu kunali bango ndi dambo lokhalokha. Koma damu ladothi limachucha pang'ono nthawi zonse, ndipo madzi ochuchawo anachititsa kuti kamtsinje kasamaphwe ngakhale m'chilimwe. Anthu anatsegula madimba, kenaka anasendeza nyumba kufupi ndi madimbawo. Pofika zaka zathuzi kunali nyumba zoposa 30, mzikiti, madarasa, mjigo ndi mlatho wamitengo umene ana amaolokera popita kusukulu. Zonsezi zinakula ife tikuona, koma sitinaziwerengere konse ngati mbali ya nkhani ya damu. Nyumba zathu zili kumtunda kwake.

Mu Febuluwale 2023 kunabwera mayi wina wachikulire wa kumunsiko, amene ana onse amawatchula kuti anganga. Anakhala pansi pakhonde, tinalonjerana, anafunsa za mayi athu, kenaka anati: "Ana anga, kasupe wa patsinde pa damu lanu uja wasintha. Kale tinkatunga n'kumwa. Tsopano madzi ake akubwera ofiira ngati otsukira mbatata." Achimwene athu aakulu anayankha mwaulemu ndithu: "Musade nkhawa, anganga, imeneyo ndi mvula chabe. Damu limeneli laima zaka 30." Tinawapatsa chambo ziwiri zoti akadyere nsima, iwo n'kuthokoza n'kumapita. Chambo ziwiri zimenezo zimatichititsabe manyazi mpaka lero.

Mwezi wotsatira ndi umene kunabwera namondwe wa Freddy. Kwathu sikunaone zoopsa zimene zinagwera abale athu a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, koma mvula inagwa masiku angapo osakata, ndipo nthaka inali itakhuta kale. Usiku wina, cha m'ma 11 koloko, mlonda anaimba foni. Mawu ake anali ochepa: "Bwerani, madzi akufuna kukwera khoma." Tinapita atatu ndi matochi. Pakati pa khoma, pamene ngolo ndi magalimoto a alendo zinali zitafinya dothi n'kupanga kachigwa, madzi anali atatsala chikhatho chimodzi kuti adutse pamwamba. Titathamangira kungalande tinapeza kuti kulibenso ngalande. Waya uja anali atakola udzu, mapesi, nthambi ndi majumbo, mpaka kusanduka khoma lachiwiri. Madzi ankangodontha m'mbali mwake.

Apa pali mphindi zimene sitikonda kuzikumbukira. Tinakangana. Mvula ikutikwapula, madzi akukwera, ife tinaima n'kumakambirana za nsomba za zaka ziwiri zimene zikanapita tikadula waya. Wina anati tingochotsa zinyalala, waya timusiye. Tinayesa, koma tikachotsa mtolo umodzi madzi ankabweretsa iwiri. Mlonda, munthu wolembedwa ntchito amene analibe gawo m'nsombazo, ndiye anatenga chikwanje n'kuyamba kudula osafunsa aliyense. Pamenepo tonse tinalowa m'madzi kukoka matumba a mchenga. Ngalande itatseguka, madzi anatuluka ndi mkokomo umene tinaumva m'chifuwa.

Ndi mkokomo umenewo umene unatikumbutsa za anthu akumunsi. Tinali titakhala pamalopo pafupifupi ola lathunthu, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zokawadzutsa. Tinatuma mnyamata kuti athamangire kwa muadhini. Mwamwayi batire la chimkuzamawu cha pamzikiti linali ndi moto, ndipo mawu anamveka m'chigwa chonse pa ola limene sanamvekepo n'kale lonse, kuuza anthu kuti anyamule ana akwere kusukulu. Anakwera mumdima, m'matope, ena atabereka okalamba. Madzi anatenga mlatho, madimba onse a m'mphepete, mbuzi zingapo ndi makhitchini awiri. Munthu sanafe, ndipo tikuyamika Mulungu. Khoma linaima, koma kutacha tinapeza kuti kumbuyo kwake dothi latsetsereka malo aakulu ngati ngolo, pamwamba penipeni pa kasupe wa anganga uja.

Patapita masiku, mwana wa mlongo wathu amene amaphunzitsa kusekondale anatikhazika pansi n'kutiuza nkhani ya ku America imene tinaimva ngati akutinena ife. M'chigawo cha Pennsylvania munali damu ladothi lotchedwa South Fork, lotalika pafupifupi mamita 22. Boma linalimanga kuti lizipereka madzi ku ngalande ya mabwato onyamula katundu, koma sitima zapamtunda zitabwera linasiyidwa, ndipo mu 1862 linabooka. Mu 1879 malowo anagwera m'manja mwa gulu la anthu olemera a mumzinda wa Pittsburgh, lotchedwa South Fork Fishing and Hunting Club, limene pambuyo pake mamembala ake ena anali Andrew Carnegie, Henry Clay Frick ndi Andrew Mellon. Iwowa ankafuna nyanja yawoyawo yoweramo nsomba ndi kuyendamo pa mabwato. Anatseka pobooka paja, koma mapaipi achitsulo a pansi pa khoma, amene kale ankaphungulira madzi, anali atachotsedwa ndipo sanawabwezere. Anasenga pamwamba pa khoma kuti msewu utakate, ngolo za akavalo zizitha kupatukirana. Ndipo kukamwa kwa ngalande yotayira madzi anaikako zotchinga zachitsulo kuti nsomba zawo zisamathawe.

Atafika pa zotchingazo mwanayo anaima kaye n'kutiyang'ana. Palibe amene anayankhula.

Anapitiriza kuti mu 1880 mkulu wa kampani ya zitsulo ya mumzinda wa Johnstown, kumunsi kwa damulo, Daniel Morrell, anatuma injiniya wake John Fulton kukaliyendera. Fulton anapeza kuti likuchucha ndiponso kuti palibe njira yophungulira madzi. Mtsogoleri wa gululo, Benjamin Ruff, anayankha kuti anthu akumunsi alibe choopa. Pa 31 Meyi 1889, itagwa mvula yamphamvu, zinyalala zinatseka zotchinga zija, madzi anadutsa pamwamba pa khoma, ndipo itangokwana 3 koloko masana khomalo linagumuka. Johnstown inali pa mtunda wa makilomita 23, koma madzi anafikako ola lisanathe. Anthu 2,209 anafa, mwa iwo ana 396. Mabanja 99 anatheratu osatsala ndi mmodzi yemwe. Otsala anayesa kukasuma, koma palibe khoti limene linalamula gululo kulipira. Nkhaniyo inatengedwa ngati tsoka lochokera kumwamba.

Mawu amenewo ifenso tinali titawanena. Kwa aliyense amene anabwera kudzatizonda tinkati ndi mvula, ndi chifuniro cha Mulungu, tikanatani. Mvulayo inalidi yosachokera kwa ife. Koma waya tinagula tokha, matumba tinasanja tokha, ndipo anganga tinawabweza tokha. Sibwino kubisa dzanja lathu kumbuyo kwa mawu aakulu chotero. Ku America komweko mkwiyo wa anthu pa nkhani ya Johnstown unathandiza kuti makhoti a m'zigawo zambiri atsatire chigamulo cha ku England cha mu 1868, cha mlandu wa Rylands ndi Fletcher. Mfundo yake ndi yoti munthu amene wasonkhanitsa pamalo pake chinthu chimene chikapulumuka chingaononge za ena, monga madzi ambiri, ayenera kulipira chikaononga, ngakhale atanena kuti iye anasamala. Kumudzi sitifuna khoti kuti timvetse zimenezi. Ng'ombe yako ikadya chimanga cha mnzako sufotokoza za kulimba kwa khola.

Achimwene anati zimenezo ndi za madamu akuluakulu, lathu ndi kathamanda. Mwana uja anali atakonzekera. Anatiuza za damu la Kelly Barnes ku Toccoa, m'chigawo cha Georgia, lotalika mamita 12 okha. Linali la sukulu ina yachipembedzo imene ili kumunsi kwake. Poyamba linkapanga magetsi, koma kuyambira mu 1957 linangotsala malo osangalalirako, ndipo pakhoma pake panamera mitengo ndi tchire. Linagumuka pakati pa usiku wa pa 6 Novembala 1977, anthu ali m'tulo, ndipo anafa 39, ambiri a iwo ana. Pulezidenti Jimmy Carter, amene kwawo ndi ku Georgia komweko, analamula kuti madamu amene sali m'manja mwa boma lalikulu ayenderedwe. Anayendera pafupifupi 9,000 mwa amene kumunsi kwake kuli anthu, ndipo limodzi mwa atatu alionse linapezeka losadalirika. Chigawo cha Georgia chinakhazikitsa lamulo lake la chitetezo cha madamu mu 1978. Kuno kwathu ku Africa, damu la pa famu ina ku Solai, m'dera la Nakuru ku Kenya, linaphulika usiku wa pa 9 Meyi 2018 n'kupha anthu oposa 40. Tikamva mndandanda wotere timaona kuti malamulo a madamu kawirikawiri amalembedwa anthu atabwera kumanda.

Tinafunafuna munthu wodziwa, ndipo tinapeza injiniya wina wopuma ntchito amene moyo wake wonse anagwira za ulimi wothirira. Atafika tinkafuna kumutengera pakhoma, koma iye anakana. Anayamba watsikira kumunsi kukawerenga nyumba ndi kuona kuti zili pamwamba bwanji kuchokera m'khwawa. Anati kuopsa kwa damu sakuyeza ndi kukula kwake kokha, koma ndi chimene chagona kumunsi kwake. Damu lomwelo limene linali losaopsa m'masiku a bambo linasanduka loopsa tsiku limene munthu woyamba anamanga nyumba m'chigwamo, ngakhale kuti khoma silinasinthe. Atatero anakwera kumtunda kukaona kumene madzi amachokera. Mapiri amene bambo anawasiya ali ndi mitengo lero ndi minda ndi maenje a makala, ndipo mvula imene kale inkatsika masiku awiri tsopano imatsika maola awiri. Ngalande imene inali yokwanira mu 1993 ikanachepa ngakhale tikanapanda kuitchinga.

Anatichitira masamu pansi ndi kamtengo. Damu la mahekitala 2, lakuya mamita 2 tikaphatikiza pozama ndi posazama, limasunga malita 40 miliyoni. Imeneyo ndi migolo 200,000 ya malita 200, ndipo popeza malita 1,000 amalemera tani imodzi, pamwamba pa mudzi uja panali patakhala matani 40,000. Kenaka anati mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa mahekitala 100 imathira malita 100 miliyoni, pamene malo amene amatsanulira m'damu lathu ndi oposa mahekitala 300. Si madzi onse amene amayenderera, koma nthaka ikakhuta ambiri amatsika. Tanthauzo lake n'lakuti pa usiku umodzi wa mvula yamphamvu damu lathu limalandira madzi oposa amene lingasunge kangapo konse, ndipo onsewo ayenera kupeza njira. Ngalande si chokongoletsera. Ndiyo imapulumutsa khoma, chifukwa dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake: amayamba kukokolola kumbuyo, kamngalande kamakula, ndipo pakangopita mphindi zowerengeka khoma ladulika.

Pamene anakwera pakhoma anatenga chitsulo chosongoka n'kumabaya apa ndi apo. Malo ena chinkalowa ngati mu phala. Anatisonyeza njira za chiswe, mauna a mbewa, ndi mauna a nkhanu m'mphepete mwa madzi. Za mitengo yathu anangopukusa mutu. Mizu imafunafuna madzi, imaboola khoma kuchokera mbali ina kufika ina. Mtengo ukagwa ndi mphepo umazula dothi lalikulu, ukafa mizu imaola n'kusiya mipita. Tinati ndiye tiidule mawa lomwe. Anati ayi, kudula mtengo waukulu n'kusiya chitsa ndiko kupanga mipita imeneyo ndi manja. Pamafunika kutsitsa madzi kaye, kukumba chitsa ndi mizu yake ikuluikulu, n'kubwezeretsa dothi la makande motsendera bwino. Ngakhale kutsitsa madziko anati kusachitike mothamanga, chifukwa khoma lokhuta madzi likatsala lopanda chotsamira kutsogolo limatha kugwera m'damu momwemo. Popeza damu lathu lilibe paipi yapansi, tinagoneka mapaipi modutsa pamwamba pa khoma n'kumakoka madzi monga mmene anyamata amakokera petulo m'chigubu, pang'ono tsiku lililonse. Pakhoma anati pamere kapinga yekha, wometedwa, kuti diso lizitha kuona mng'alu ukangoyamba.

Pomaliza tinafika pa kasupe uja. Anatunga madzi m'botolo loyera n'kuliimika pamwala. Patapita kanthawi pansi pake panadikha matope. Anati damu ladothi likamachucha madzi oyera, ndipo kuchuluka kwake kusakusintha, nthawi zambiri palibe chodetsa nkhawa kwambiri. Koma madzi akamatuluka ndi dothi, dothilo likuchokera m'kati mwa khoma. Madzi akudzikumbira njira kuyambira kumbuyo kubwerera kudamu, ndipo tsiku limene njirayo idzatulukire mbali inayo khoma lidzabooka ngakhale kunja kuli dzuwa. Titamuuza kuti mayi wina anatichenjeza za zimenezi mwezi wathunthu chisanachitike chilichonse, anafunsa kuti mayiyo anaphunzira kuti. Tinati sanapite kusukulu. Anati ndiye injiniya wa damu lino ameneyo.

Funso limene tinkaliopa analifunsa ali m'galimoto: "Chilolezo cha damuli chili kuti?" Tinalibe. Bambo anamanga pa malo awo, mfumu ikudziwa, ndipo kwa ife zimenezo zinali zokwanira. Koma lamulo la za madzi la dziko lino la mu 2013, limene linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, silitenga madzi a mumtsinje ngati katundu wa mwini malo amene mtsinjewo wadutsamo. Kutseka mtsinje ndi kusunga madzi ake kumafuna chilolezo. Ife sitinapiteko, ndipo munthu sangayendere damu limene sakudziwa kuti lilipo.

Nkhani imeneyi inagawa banja kuposa imfa ya bambo. Achimwene aakulu anati malo ndi athu, dothi ndi lathu, ndalama zinali za bambo athu. Kupita ku ofesi ndi kudziitanira misonkho, mwinanso kulamulidwa kugumula. Mng'ono wathu wa ku Joni, amene anagwirapo ntchito pa famu, anaimba foni n'kunena kuti ku South Africa lamulo la mu 1998 limafuna kuti damu lilembetsedwe ngati loopsa likakhala ndi khoma loposa mamita 5 komanso madzi oposa malita 50 miliyoni. Lathu, iye anati, ngakhale kumeneko silikanafika pa muyeso. Zoona, silikanafika. Koma muyeso wotero amauika kuti ogwira ntchito ochepa adziwe koyambira, osati kuti atsimikizire mayi wogona m'chigwa kuti malita 40 miliyoni samiza mwana.

Ena a ife tinafika poona kuti diso lakunja likufunika, osati chifukwa choti eni madamu ndi anthu oipa, koma chifukwa mwini sangathe kuliona bwino damu lake. Ife tikayang'ana waya tinkaona nsomba zosungika. Tikayang'ana mitengo tinkaona mthunzi ndi alendo. Chilichonse chimene chinkafooketsa khoma chinkatibweretsera ndalama, pamene chilichonse cholilimbitsa chinkafuna kuti titulutse ndalama popanda choonekera. Munthu amene ali pamalo otero, ngakhale akhale woopa Mulungu chotani, amafunika wina womuuza zimene sakufuna kumva, ndipo winayo akhale woti sungamubweze ndi chambo ziwiri. Mapepala tinakapereka, achimwene asakufuna.

Kubwalo la mfumu tinapita titakonzeka kumva kuti damu ligumulidwe. Mmodzi wa ife anali atanena kale kuti kuli bwino litero, tigone tulo. Koma anthu akumunsi anakana. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti madimba awo amadya madzi a damu lomwelo, ndipo likachoka, Seputembala adzatunga kuti? Chimene ankafuna si kuchotsa madzi, koma kuleka kugona pansi pa chinthu chimene sauzidwa kanthu za icho. Anapempha kuti mlatho tiumange, za m'madimba ndi mbuzi tilipire, waya asadzabwererenso, ndipo iwo akhale ndi ufulu wokwera pakhoma nthawi ina iliyonse osalipira pachipata. Tinazika mtengo m'madzi n'kuupaka utoto wofiira pa mita imodzi kuchokera pamwamba pa khoma. Tinagwirizana kuti madzi akafika pofiirapo, mlonda aziimbira muadhini ndi nyakwawa nthawi yomweyo, asanatiimbire ife. Mawu akuti "asanatiimbire ife" ndi amene anawawa achimwene kuposa ndalama zonse, koma titakumbukira ola lija limene tinataya pokangana za nsomba, panalibe wotsutsa.

Titsegule pakamwa pa chinthu chinanso, poti tayamba kale kuulula. Zaka zonsezo tinkakweza ana m'mabwato popanda chovala choyandamitsa ngakhale chimodzi, ndipo sitinauzepo mlendo kuti madzi odikha ngati amenewa amasunga nkhono za likodzo. Ana a kunyanja amabadwa akudziwa kusambira. A kumtunda kuno ambiri sadziwa. Izi tinazikonza msanga chifukwa n'zotsika mtengo.

Zodula ndi zimene zikutivutabe. Tinatseka malowo chaka chathunthu, tinagulitsa bwato limodzi, ndipo fizi ya ana aja tinachita kusonkherana. Ngalande tinaikuza n'kuyala miyala pansi pake. Kachigwa ka pakati pa khoma tinakadzaza, ndipo galimoto siidutsanso pamenepo. Potsetsereka paja tinathira mchenga ndi miyala monga anatilangizira injiniya, kuti madzi azituluka koma dothi lizitsala. Mango onse anachoka, m'chaka chimene anabereka kuposa kale lonse, ndipo mlongo wathu sanabwere kudzaona tsiku limene ankazulidwa. Madzi tsopano amakhala otsika, mabwato amatitimira mu Okutobala monga kale, nsomba zimapita ndi mvula iliyonse yaikulu, ndipo ana akumunsi amazitola m'madengu. Alendo achepa, poti mthunzi palibe. Koma mitengo itatu ya bulugama, ikuluikulu kwambiri, idakali chiimire kumapeto kwa khoma, chifukwa kuizula bwino kukufuna katapila ndipo ndalama yake sitinaipeze. Tikakumana asanu nkhani imathera pomwepo, wina akuti tigulitse ng'ombe, wina akuti ng'ombe zake zisakhudzidwe.

Anganga amabwera Lachisanu lililonse m'mawa ndi botolo la madzi a pakasupe. Amaliimika pawindo la kanyumba ka mlonda, pafupi ndi la sabata yatha, n'kukhala pansi kudikira kuti lidikhe. Miyezi yambiri lakhala likutuluka loyera. Sabata yathayi pansi pake panaoneka kamzere kofiirira, kopyapyala ngati ulusi. Iwo anati mwina ndi ng'ombe zinaponda pamwamba pa kasupe, koma sanafune kulumbira. Tinamuimbira injiniya uja, ndipo wati afika Lachiwiri; pakadali pano tabwezeretsa mapaipi awiri pakhoma kuti madzi atsikeko, popeza kumapiri kwayamba kale kuchita mdima masana.